ZA NSOMBA YA HALIBUT: KAGULIDWE KACE NDI MUYESO WACE

Mwezi uno tikamba nanu za nsomba imene siipezeka m'Nyanja yathu kapena m'mitsinje ya kwathu kuno, pakuti kwao kwa iyo ndi ku nyanja zamcere zozizira za kumpoto kwa dziko lapansi. Dzina lace ndi halibut. Anthu a ku Norway, Iceland, Scotland, Canada ndi Alaska ailemekeza monga ife tilemekeza cambo: ndiyo ndiwo yopatsa mlendo, imene munthu saigula tsiku ndi tsiku. Ana athu amene akhala ku Britain ndi ku America aiona m'misika, nazizwa ndi mtengo wace; ena abwerera osagula, ena agula mosayesa nataya ndalama zao. Cifukwa cace tafuna kulongosola pano kuti ndi nsomba yotani, cifukwa ninji idula cotero, ipezeka nyengo iti, ndiponso muyeso wokwanira banja ndi wotani.

Dzinali licokera ku mau awiri a Cingelezi cakale, loyamba lotanthauza cinthu coyera, laciwiri lotanthauza nsomba yathyathyathya; pakuti Akristu a ku Ulaya ankaidya pa masiku oyera, pamene aleka kudya nyama.

Maonekedwe ace

Mwa nsomba zonse zathyathyathya, halibut ndiyo yaikuru koposa. Thupi lace liri ngati licero lalitali, ndipo igona cammbali pansi pa nyanja, pa mcenga ndi pa miyala, kudikira nsomba zinzace kuti izigwire. Mbali yoyang'ana kumwamba ndi yoderapo, yofanana ndi matope a pansipo, kuti adani ndi zakudya zace zingaione. Mbali yogonera ndi yoyera mbee. Codabwitsa ndi maso ace. Pobadwa ikhala ndi diso mbali iyi ndi lina mbali inayo, nisambira coimirira monga nsomba zonse. Koma ikatha miyezi ngati isanu ndi umodzi, diso lamanzere liyenda pang'onopang'ono kudutsa pamutu, nilikakhala pambali pa linzace. Pamenepo itsikira pansi, nikhala komweko masiku ace onse.

Zazikazi zikula kupambana zazimuna. Zina za ku nyanja ya Atlantic zinafika makilogalamu 300, ndipo m'caka ca 1996 msodzi wina wa mbedza anagwira ya makilogalamu 208 pafupi ndi Dutch Harbor ku Alaska. Zotere asodzi azicha zitseko za khola. Komatu zimene zifika pa msika kawirikawiri ndi za makilogalamu 5 kufikira 30.

Wogula ayenera kudziwa kuti dzina limodzili ligwira nsomba zingapo. Iripo ya ku Atlantic, ndi ya ku Pacific; izi ziwiri ndizo halibut zenizeni, za mnofu woyera ndi wolimba. Iriponso ina imene aicha Greenland halibut, yaing'ono, yamafuta ambiri ndi ya mnofu wofewa, ndipo mtengo wace ndi wotsika ndithu. Iyonso ndi ndiwo yabwino, makamaka yofutsa ndi utsi. Koma si cilungamo kuigula pa mtengo wa inzace ija.

Cifukwa ninji idula

Coyamba ndi zaka zace. Nkhuku tiidya isanathe caka, mbuzi ibala isanathe zaka ziwiri; koma halibut yaikazi ya ku Pacific iyamba kuikira mazira itafika zaka ngati 12, ndipo zina zikhala moyo kupitirira zaka 50. Tsono munthu akagwira yaikazi ya zaka 10, waononga nsombayo pamodzi ndi mbeu yace yonse isanabale ndi kamodzi komwe. Cimene cikula mocedwa cotere sicingacuruke pa msika.

Caciwiri ndi kagwiridwe kace. Asodzi aponya pansi pa nyanja cingwe cacitali ca mbedza mazanamazana, iri yonse ndi nyambo yace, nacikoka patapita maora. Nsomba iri yonse aikweza payokha m'combo, naitumbula, naidzaza ndi madzi oundana. Ndi nchito ya manja, ya m'mphepo yozizira ndi m'mafunde oopsa. Ikafika pa doko, monga Homer kapena Kodiak ku Alaska, ndi Prince Rupert ku Canada, yambiri ipita pa ndege ku mizinda yakutali kuti ifike isanaonongeke, ndipo mtengo wa ulendowo aulipira wogula.

Cacitatu ndi cakuti anthu anaigwira mopitiriza muyeso, ndipo lero alipira mlandu wa makolo ao. Mitundu yakale ya m'mbali mwa Pacific, monga a Tlingit ndi a Haida, inali ndi mbedza zamtengo zosemedwa mwanzeru. Kukamwa kwa mbedzayo ankakuyesa kuti nsomba yaing'ono ilephere kuimeza, ndipo yaikuru koposa isakodwe. Cotero ankatenga zapakati zokha, nasiya zoyamba kukula ndi zazikazi zobala. Koma pamene malonda anakula, muyesowo unaiwalika. Asodzi a ku Gloucester, m'dera la Massachusetts, atadziwa kusunga nsomba m'madzi oundana, anaigwira kwambiri m'zaka za m'ma 1800, kufikira inasowa ku nyanja za pafupi ndi kwao. Pamenepo maso anatembenukira ku Pacific. M'caka ca 1888 combo cochedwa Oscar and Hattie cinatsitsa halibut ku Tacoma, ndipo anaitumiza pa njanje kunka ku Boston. Sipanapite zaka makumi atatu, ndipo kumenekonso nsomba inayamba kucepa.

Cifukwa ca ici, pa 2 Malici 1923 maiko a Canada ndi United States anapangana pangano la halibut, loletsa kusodza miyezi itatu ya cisanu pamene nsomba ziikira mazira, kuyambira pa 16 Novembala kufikira pa 15 Febuluwale. Ili linali pangano loyamba limene Canada inasainira payokha, popanda dzanja la Britain. Pa panganoli panabadwa bungwe limene lero lichedwa International Pacific Halibut Commission, la ku Seattle, limene caka ndi caka liyesa nsomba zotsala m'nyanja, nilinena muyeso wololedwa kugwira. Wosodzera malonda saloledwa kusunga halibut yosafika masentimita 81. Ngakhale ziri tero, kuyambira m'zaka za m'ma 1980 nsombazi zayamba kukula mocedwa koposa kale, ndipo muyeso wololedwa unatsitsidwa kambiri.

Ku Atlantic kunabvuta koposa. M'caka ca 1996 halibut ya kumeneko inalembedwa m'gulu la zamoyo zimene ziri pafupi kutha, ndipo m'caka ca 2012 boma la Iceland linaletsa kuisodza mwadala. Ku Norway anaika nyengo yoletsa imene iyamba pa 20 Disembala, nalamulanso kuti yopitirira mamita awiri ibwezedwe m'madzi. Komweko ku Norway anaphunzira kuiweta. Koma nayonso yowetayo ifuna zaka zinai kapena kupitirira kuti ifike pogulitsa, ndipo siichipa kwambiri.

Mtengo weniweni usintha caka ndi caka ndi mudzi ndi mudzi. M'zaka za pambuyo pa 2020, mnofu wopanda minga unkapitirira mapaundi 30 pa kilogalamu m'masitolo a nsomba a ku Britain, ndi madola 50 pa kilogalamu ku United States. Ndiko kuti kawiri, pena katatu, mtengo wa nsomba zina zoyera za kumeneko monga cod ndi haddock.

Nyengo yace

Kumbukirani kuti nyengo za kumpoto zisemphana ndi zathu: pamene ife tiri m'dzinja, mu Disembala ndi Januwale, iwo ali m'cisanu coopsa. Halibut yaiwisi ya ku Pacific ipezeka kuyambira Malici kufikira ca kumayambiriro kwa Disembala, nicuruka m'misika pakati pa Meyi ndi Sepitembala. Masiku oyamba a nyengo mtengo ukwera, popeza onse aikhumba atailinda miyezi yambiri. Wanzeru adikira masabata angapo.

Sizinali tero kale. Zisanafike zaka za 1995, asodzi onse a ku Alaska ankatsegulirwa nyanja masiku owerengeka okha pa caka, pena tsiku limodzi usana ndi usiku, ndipo ali yense ankathamangira kugwira monga angathe. Zombo zinkamira, anthu ankafa, ndipo nsomba zonse zinkafika pa doko tsiku limodzi, kotero kuti zambiri ankangoziumitsa m'cisanu. M'caka ca 1991 ku British Columbia, ndi m'caka ca 1995 ku Alaska, anagawira asodzi gawo lace gawo lace, kuti ali yense agwire lace pa nthawi imene afuna m'nyengomo. Kuyambira pomwepo mai wa pa nyumba akhoza kupeza yaiwisi miyezi isanu ndi itatu kapena kupitirira.

Kunja kwa nyengo ipezeka ya m'firiji youndana, ndi yoweta ya ku Norway imene igulitsidwa caka conse. Musanyoze youndana. Nsomba imene anaiumitsa m'cisanu msanga itangogwidwa ipambana yaiwisi imene yagona masiku asanu ndi awiri pa thebulo la wogulitsa, ndipo kawirikawiri mtengo wace ndi wotsikirapo.

Muyeso wa pa banja

Apa ndipo pagona nkhani, pakuti ndalama zambiri zitayika pa sikelo. Halibut iri ndi msana umodzi waukuru pakati, ndipo wogulitsa acotsapo mizere inai ya mnofu, iwiri pamwamba ndi iwiri pansi, yopanda minga konse. Njira ina ndiyo kuidula modutsa msana, nthuli zokhala ndi pfupa pakati ndi khungu m'mbali. Njira yacitatu ndiyo kugula yathunthu, ngati iri yaing'ono.

Pa mnofu wopanda minga, munthu wamkuru akwana ndi magalamu 150 kufikira 180; ambiri awerengera 170. Popanda sikelo, yesani nthuli yolingana ndi cikhatho canu osawerengera zala, yocindikala ngati zala ziwiri. Mwana akwana ndi theka lace. Pa nthuli ya pfupa muwerengere magalamu 225 pa munthu, pakuti pfupa ndi khungu zilemera nazo. Pa nsomba yathunthu, ya mutu ndi zipsepse, muwerengere pafupifupi theka la kilogalamu pa munthu, cifukwa mnofu wodyedwa ukhala ngati theka lokha la kulemera kwace. Dziwaninso kuti pophika nthuli ifota, nitaya madzi ace. Musaiyese ndi maso a mbale yophika kale.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, ndi mitengo yongoyerekeza. Banja liri la anthu asanu ndi mmodzi: akuru anai ndi ana awiri. Akuru afuna magalamu 680, ana 170. Onse pamodzi 850. Ngati kilogalamu ya mnofu iri mapaundi 40, ndiwo ya tsikulo idya mapaundi 34, ndipo gawo la wamkuru mmodzi ndi mapaundi 6 ndi mapeni 80. Tsono pambali pace pali nthuli za pfupa za mapaundi 32 pa kilogalamu. Maso ati, Izi ndizo zochipa. Koma magalamu 225 pa mtengo umenewo ndi mapaundi 7 ndi mapeni 20. Ndiko kuti yooneka yochipayo yadula koposa. Momwemonso yathunthu ya mapaundi 20 pa kilogalamu: mukacotsa mutu, mafupa ndi khungu, mnofu wace mwaugula pa mapaundi 40 omwe aja, ndipo phindu lanu ndi mafupa a msuzi okha. Cifukwa cace musafunse mtengo wa kilogalamu wokha. Funsani mtengo wa cimene cidzalowa m'mbale ya munthu mmodzi.

Banja la ndalama zocepa liri nazo njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kuphika nsomba m'msuzi. Anthu a ku Alaska aidula timagawo ting'onoting'ono, naiphika ndi mbatata ya kacewere, anyezi ndi mkaka. Pamenepo magalamu 100 akwana munthu mmodzi, ndipo banja lija lidya ndi magalamu 600, mapaundi 24 m'malo mwa 34. Yaciwiri ndiyo kupempha ziwalo zimene olemera azipitirira: za kumcira, za m'khosi, ndi zodulidwa m'mbali pokonza mnofu. Mafupa ndi mutu zipatsa msuzi wokoma, ndipo ogulitsa ambiri azipereka pa mtengo wocepa. Masaya okha ndiwo osiyana: ndi tinthuli tozungulira totsekemera, ndipo ku Alaska ndi ku Seattle afunidwa kwambiri, kotero kuti si nthawi zonse achipa.

Posankha pa msika

Akuru anati, Safunsa anadya phula. Funsani wogulitsa mafunso atatu: Nsomba iyi ndi ya mtundu uti? Inagwidwa kuti, kapena ndi yoweta? Inafika liti, ndipo kodi inayamba yaundana? Wogulitsa wokhulupirika sakwiya nao mafunso awa. Funso lotsirizali ndi lofunika ngati mufuna kukaisunga m'cisanu kunyumba, pakuti imene inasungunuka kale siikoma mukaiumitsa kaciwiri.

Pambuyo pace yesani ndi maso ndi mphuno. Mnofu wabwino ndi woyera wonyezimira, wooneka ngati kuunika kulowa pang'ono mkati mwace, wolimba ndi wogwirana. Ukakhala ndi ming'alu, kapena m'mbali mwace mwayamba cikasu ndi kuuma, wagona. Pfungo lace likhale la madzi a nyanja lokha. Ikanunkha, isiyeni ngakhale atsitse mtengo. Nthawi zina mupeza mnofu woyera ngati coko, wosanyezimira konse. Umenewo ucokera ku nsomba imene inalimbana nthawi yaitali pa mbedza. Suli woopsa kudya, koma uuma msanga pa moto, ndipo suyenera mtengo wathunthu. Ya m'paketi youndana ikhale yomatidwa bwino, yopanda madzi oundana ambiri mkati ndi yopanda mawanga ouma oyera.

Musakhumbe yaikuru koposa. Ya makilogalamu 5 kufikira 10 ndiyo ya mnofu wosalala. Ya nkhalamba yaikuru ndi wokhakhala. Kuonjeza apo, nsomba yodya zinzace isonkhanitsa m'thupi mwace mankhwala oipa ochedwa mercury, ndipo yaikuru ndi yokalamba ikhala nao ambiri. Pa cifukwa ici, malangizo a boma la United States a m'caka ca 2017 anaika halibut m'gulu la nsomba zimene mai woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana wamng'ono adye kamodzi kokha pa sabata. Ciwindi ca halibut yaikuru musacidye cambiri: ciri ndi vitamini A wocuruka kopitiriza, amene adwalitsa munthu, kumpweteka mutu ndi kusupula khungu.

Pemphani kuti nthuli zonse azidule zolingana kucindikala, kuti zipse nthawi imodzi.

Mukafika nayo kunyumba

Yaiwisi iphikidwe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace, ndipo poyembekeza ikhale m'firiji, pamalo pozizira koposa, yokulungidwa ndi yogonekedwa pa madzi oundana. Youndana ikhala bwino miyezi ngati isanu ndi umodzi. Poisungunula muiike m'firiji usiku wonse, osati pa dzuwa kapena m'madzi otentha.

Pophika ndi pamene ambiri aononga cimene anagula modula. Halibut iri ndi mafuta ocepa ndithu, magalamu awiri okha kapena osafikapo pa magalamu 100 a mnofu. Tsono ikakhalitsa pa moto iuma nikhala ngati nkhuni. Amai a kwathu azolowera kuwiritsa usipa ndi utaka wouma nthawi yaitali, ndipo kuteroko nkoyenera pa nsomba zouma. Koma iyi siifuna tero. Ophika a ku Canada ali ndi lamulo losabvuta: mphindi 10 pa masentimita awiri ndi theka a kucindikala kwa nthuli, kuwerengera mbali zonse ziwiri pamodzi. Ipukuteni iume, thirani mcere, ikani m'ciwaya ca mafuta otentha, ndipo musaigwedeze kufikira pansi pace pafiira. Itembenuzeni kamodzi kokha. Yapsa pamene mkati mwace mwayera ponse, ndipo mnofu ulekana wokha mukaukankha ndi foloko. Ya m'msuzi ilowe potsiriza, zina zonse zitapsa, niwire pang'ono mphindi zisanu. Siifuna zokometsera zambiri: mcere, batala ndi madzi a ndimu zikwana.

Mau otsiriza

Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Munthu wolowa m'sitolo ya nsomba asanawerengere anthu a m'nyumba mwace ndi ndalama za m'thumba mwace aturukamo ndi katundu wopitirira cosowa cace, ndipo mawa ataya zotsala. Tsono musanacoke pakhomo werengani akudya, lembani magalamu ofunika, ndipo ikani malire a ndalama. Mukapeza kuti mtengo wapitirira malirewo, gulani cod, haddock kapena hake, zimene ziphikidwa momwemo. Palibe manyazi pamenepo. Halibut muisungire tsiku la ukwati, la ubatizo, kapena la mlendo wocokera kutali.

Asodzi a kumpoto anaphunzira mowawa, nyanja zao zitatsala pang'ono kuuma nsomba, kuti ayenera kugwira ndi muyeso. Nthuli imene ifika m'mbale inakula zaka khumi kapena kupitirira pansi pa madzi ozizira, ndipo munthu anaika moyo wace pa mafunde kuti aikweze. Wogula nayenso agule cokwanira banja lace, aphike mosamala, ndipo mafupa omwe asawataye asanaphikepo msuzi.